Mafunso ndi mayankho: zinayamba bwanji kuti mayiko olamulidwa ndi Spain afune kudzilamulira?

Ambirife nkhaniyi tinangoimva pamwamba, kuti kunali mkulu wina wokwera hatchi dzina lake Simón Bolívar, anathamangitsa anthu a ku Spain ku South America, basi nkhani nkuthera pompo. Koma ine pamene pamandikoka mtima ndi kumbuyo kwa nkhondozo, zaka zimene zinthu zinkawira pansipansi anthu asanayambe nkomwe kutchula zodzilamulira. Ndiye ndasonkhanitsa mafunso amene anthu amakonda kufunsa tikayamba kucheza za nkhaniyi, ena ndayankha mwachidule, ena ndatalikitsa dala, mundikhululukire.

Kodi tikukamba za mayiko ati kwenikweni?

Kuyambira Mexico kutsika mpaka Chile ndi Argentina, kupatula Brazil amene anali wa Apwitikizi. Spain analamulira kumeneko zaka pafupifupi 300. Nthawi imeneyo mayina amene tikuwadziwa lerowa ambiri kunalibe, dera lonselo linagawidwa zigawo zikuluzikulu zinayi, chilichonse ndi bwanamkubwa wake woimira mfumu: New Spain likulu lake Mexico City, Peru likulu Lima, New Granada likulu Bogotá, ndi Río de la Plata likulu Buenos Aires, chimenechi chinabwera mochedwa mu 1776. Pofika 1826 zonsezi zinali zitachoka m'manja mwa Spain. Zinatsala ndi zilumba, Cuba ndi Puerto Rico, komanso Philippines ku Asia uko.

Amene anayambitsa zonsezi ndi eni nthaka kapena akapolo?

Apa mpamene ambiri amadabwa. Atsogoleri ambiri anali azungu, olemera ndithu, ena a iwo anali ndi akapolo awo. Ankatchedwa ma criollo, kutanthauza munthu wamagazi a ku Spain koma wobadwira ku America konko. Bolívar weniweniyo anabadwira ku Caracas mu 1783 m'banja limodzi mwa mabanja olemera kwambiri mu Venezuela, la minda ndi akapolo omwe.

Pamwamba pa ma criollo panali azungu obadwira ku Spain, ma peninsular, amene ku Mexico ankawanyoza kuti gachupines, kummwera nkumati chapetones. Pansi pawo panali anthu amagazi osakanikirana, kenako eni nthaka amene atsamundawo ankawatcha indios (musasokoneze ndi Amwenye a ku India, dzinalo linabwera chifukwa Columbus anasokonekera njira), kenako anthu akuda, mfulu ndi akapolo. Ndiye mukamawerenga mbiri imeneyi muzidzifunsa nthawi zonse kuti amene akufuula kuti ufuluyo waima pati pa makwerero amenewa, chifukwa mawu ndi amodzi koma aliyense ankatanthauza zake.

Ngati anali olemera kale, chinkawapweteka nchiyani?

Mpando ndi thumba. Kwa zaka zambiri Spain anali wofooka, boma linkagulitsa maudindo ngati tomato pamsika, ndiye ma criollo okhala ndi ndalama ankagula malo m'makhoti akuluakulu, kukwatirana ndi mabwana ochokera ku Spain, lamulo likabwera kuchokera ku Madrid loti silikuwakomera ankalilandira mwaulemu wonse kenako nkuliyika mudilowa. Ankadzilamulira kale mwakachetechete titero.

Zinasintha pamene mafumu a banja la Bourbon, makamaka Charles III amene analamulira 1759 mpaka 1788, anaganiza zoti America ayambe kubweretsa phindu lenileni. Angerezi anali atalanda mzinda wa Havana ku Cuba mu 1762, Spain anaona kuti akufunika asilikali ambiri ndi ndalama zambiri. Anatumiza José de Gálvez ku Mexico mu 1765 kukafufuza mmene zinthu zikuyendera, munthu amene sankawakhulupirira ma criollo mpang'ono pomwe, ndipo kenako anadzakhala nduna yoona za madera onsewo. Maudindo akuluakulu anayamba kuperekedwanso kwa obadwira ku Spain. Fodya anakhala wa boma lokha, iwe mlimi uzilima kumene boma lakuloleza, uzigulitsa kwa boma pamtengo wa boma, mowa wotcheza nawonso chimodzimodzi m'madera ena. Msonkho wa pa malonda wotchedwa alcabala unakwera, ku Peru unafika 6 pa 100 iliyonse, ndipo chowawa kwambiri sichinali kukwerako ayi, chinali choti tsopano anayamba kuutoleradi, nkumanga ma ofesi a kasitomu m'matauni amene kale anthu ankangodutsa ndi katundu wawo.

Kenako 1767, ansembe a chipani cha ma Jesuit anathamangitsidwa m'madera onse a Spain. Ambiri mwa iwo anali ana a mabanja a ma criollo omwewo, ndiponso ndi amene ankayendetsa masukulu abwino. Tangoganizani mchimwene wanu wansembe akumukweza sitima yapamadzi ulendo wa ku Italy osadzabweranso. Mmodzi wa iwo, Juan Pablo Viscardo wa ku Peru, ali kunja konko anadzalemba kalata youza anzake obadwira ku America kuti kwawo ndi ku America, adzipatule kwa Spain. Anamwalira ku London mu 1798 kalatayo isanasindikizidwe.

Nanga eni nthaka anangopinda manja?

Ayi ndithu, ndipo kuwukira kwakukulu koposa konse nthawi ya utsamundayo kunali kwawo. M'mapiri a Andes anthu ankasenza mitolo itatu. Woyamba msonkho wa pamutu umene ankapereka eni nthaka okha. Wachiwiri mita, ntchito yokakamiza ku migodi ya siliva ya ku Potosí, midzi inkayenera kutumiza amuna mosinthana, amene mukudziwa mbiri ya thangata simuvutika kumva, kungoti uku kunali kulowa pansi pa phiri. Wachitatu ndi umene umandikwiyitsa kwambiri ine, unkatchedwa reparto: bwana woyang'anira boma laling'ono ankabweretsa katundu, nyulu, nsalu, zitsulo, nkugawira anthu mokakamiza pangongole pamtengo wake, ufune usafune ulipira.

José Gabriel Condorcanqui anali mfumu ya midzi ingapo kummwera kwa mzinda wa Cusco ku Peru, wophunzira kwa ma Jesuit, wabizinesi yonyamula katundu pa nyulu, ndipo ankati ndi mdzukulu wa mfumu yomaliza ya ma Inca, amene ankalamulira kumeneko anthu a ku Spain asanabwere, nchifukwa chake anatenga dzina loti Túpac Amaru. Poyamba anayesa njira ya makhoti, mpaka kupita ku Lima kukadandaula, sizinaphule kanthu. Pa 4 November 1780 anadya nkhomaliro limodzi ndi bwana wa dera lake Antonio de Arriaga kunyumba ya wansembe, atabalalika anakamudikirira panjira nkumugwira. Anamulembetsa makalata oitanitsa ndalama ndi mfuti ngati kuti zonse zili bwinobwino, kenako pa 10 November anamupachika pabwalo ku Tungasuca anthu miyandamiyanda akuonerera. Ndipo taonani, ankauza anthu kuti akuchita zimenezi polamulidwa ndi mfumu ya Spain.

Mkazi wake Micaela Bastidas ndi amene ankayendetsa za chakudya, makalata ndi zilolezo za panjira, ndipo ankamukalipira mwamuna wake m'makalata kuti akuchedwa kukalanda Cusco. Mayiyu analondola. Mmene ankafika ku Cusco mu January 1781 mzinda unali utakonzeka, ndipo mafumu ena a eni nthaka, monga Mateo Pumacahua, anamenyera mbali ya Spain. Túpac Amaru anagwidwa, ndipo pa 18 May 1781 pabwalo la Cusco anamuonetsa akupha mwana wake ndi mkazi wake, anamudula lilime, anamumangirira ku mahatchi anayi kuti amukhadzule koma zinakanika, ndiye anamudula mutu. Nkhondo sinathere pompo, mtsogoleri wina wa eni nthaka Túpac Katari anazinga mzinda wa La Paz miyezi ingapo chaka chomwecho, anthu anafa masauzande ambirimbiri mbali zonse.

Ndiye bwanji osangonena kuti ufulu unayambira pa Túpac Amaru?

Ku Peru lero ambiri amamulemekeza choncho, ndipo sindikuwatsutsa kwenikweni. Koma zotsatira zake panthawiyo zinali zosiyana. Iye anayesetsa kuitana ma criollo kuti tiyeni tonse obadwira kuno tigwirizane, koma nkhondo itakula anthu okwiya sankafunsanso kuti mzungu uyu wabadwira kuti. Ma criollo a ku Peru anaphunzirapo kuti ukachotsa asilikali a mfumu, amene utsale naye ndi anthu amene wakhala ukuwadyera masuku pamutu. Nchifukwa chake Lima anakhala linga la mfumu mpaka kumapeto, ufulu wa Peru anachita kubwera nawo ndi asilikali a José de San Martín kuchokera kummwera ndi a Bolívar kuchokera kumpoto.

Chaka chomwecho cha 1781 ku New Granada kunabukanso zina, mayi wina Manuela Beltrán anang'amba chikalata cha misonkho yatsopano pamsika wa ku Socorro, alimi a fodya ndi owomba nsalu nkuuyamba ulendo wa ku Bogotá, gulu limene limatchedwa Comuneros. Mfuwu wawo unali woti mfumu ikhale ndi moyo, boma loipa life. Akuluakulu anasayina nawo pangano ku Zipaquirá, anthu atabwerera kwawo panganolo linatayidwa, José Antonio Galán amene anakana kugonja anaphedwa mu 1782.

Kenako Haiti. Mu 1791 akapolo a m'dera la Afalansa la Saint-Domingue anawukira, pofika 1804 anali ndi dziko lawolawo, Haiti yemweyo. Kwa akapolo a ku Venezuela ndi Cuba inali nkhani yopatsa chiyembekezo, mu 1795 José Leonardo Chirino anatsogolera akapolo kuwukira kufupi ndi Coro ku Venezuela. Kwa eni minda inali nkhani yosowetsa tulo, paja amati chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe. Ndiye mizu ya nkhani yonseyi ine ndimaiona iwiri yopotana, mkwiyo wa ma criollo pa amene ali pamwamba pawo, ndi mantha awo pa amene ali pansi pawo.

Kodi si mabuku a ku France ndi chitsanzo cha United States zimene zinawatsegula maso?

Zinathandiza, koma kusukulu amazikulitsa mopyola. Inde Antonio Nariño ku Bogotá anamasulira m'Chisipanishi chikalata cha maufulu a munthu cha ku France nkuchisindikiza, anamangidwa mu 1794 ndipo zaka zambiri za moyo wake zinathera m'ndende. Inde anyamata a mabanja olemera ankawerenga mabuku oletsedwa. Koma yesani kuona zimene zinamuchitikira Francisco de Miranda, munthu amene anayenda Europe yense kupempha thandizo: mu 1806 anakocheza kufupi ndi Coro ndi kagulu kake, mbendera yatsopano, makina osindikizira, poganiza kuti anthu amuthamangira. Anapeza tauni anthu atathawamo. Anakweranso sitima nkubwerera. Maganizo analipo koma anthu anali asanaone chifukwa choikira khosi lawo pampeni.

Angerezi akulowapo bwanji pa nkhani ya Spain?

Spain anagwirizana ndi France pomenyana ndi Britain, ndipo zinamudyera. Sitima zake zankhondo zinaphwanyidwa ku Trafalgar mu 1805, njira ya panyanja inatsekeka, amalonda a ku America anazolowera kugula ndi kugulitsa kwa ena. Pofuna ndalama za nkhondo, mu 1804 boma linalamula kuti ngongole zimene anthu anatenga ku thumba la tchalitchi zibwezedwe ndalamazo zipite ku Spain. Ku Mexico tchalitchi ndiye inali banki, eni minda ndi migodi ankadalira ngongole zimenezo, ndiye lamulo limeneli linakwiyitsa ngakhale anthu amene sankaganizako zowukira.

Koma nkhani yokoma ndi ya Buenos Aires. Mu June 1806 asilikali a Britain osakwana 2,000 analowa mumzinda, bwanamkubwa Sobremonte nkuthawira ku Córdoba, chuma cha boma Angerezi anachigwira panjira nkuchitumiza ku London. Amene anawombola mzinda ndi anthu a komweko motsogozedwa ndi Santiago de Liniers. Anapanga magulu awo a asilikali, nkumasankha okha owatsogolera, ndipo Angerezi atabweranso mu 1807 ndi gulu lalikulu anagonjetsedwa m'misewu, anthu akuwagenda ali pamadenga. Bwanamkubwa uja anamuchotsa. Munthu amene wateteza yekha mudzi wake bwanamkubwa atathawa, ungamuuzenso chiyani? Cornelio Saavedra amene ankatsogolera gulu lalikulu la asilikali a ma criollo ndi yemweyo anadzakhala wapampando wa boma latsopano mu May 1810.

Chinayatsa moto weniweni nchiyani?

Napoleon, wolamulira France. Mu 1808 asilikali ake anadzaza mu Spain, anaitanira Charles IV ndi mwana wake Ferdinand VII, mafumu a Spain, ku Bayonne ku France, onse awiri anatula ufumu, iye nkuupereka kwa mkulu wake Joseph Bonaparte. Anthu a ku Spain anakana, anapanga makomiti otchedwa junta m'mizinda yawo kuti azilamulira m'dzina la Ferdinand amene anali m'manja mwa Afalansa. Mfundo yawo inali yoti mfumu ikasowa, ulamuliro umabwerera kwa anthu.

Ku America anangoti chabwino, ifenso ndife anthu. Ife tinalumbira kwa mfumu osati kwa amalonda a ku Cádiz ku Spain, ngati mzinda wa Seville ku Spain konko uli ndi junta, Caracas alekerenji? Pachoka mnzako pali malo. Ku Mexico khonsolo ya mzinda inayesa mu 1808 koma ma peninsular motsogozedwa ndi Gabriel de Yermo anagwira bwanamkubwa Iturrigaray usiku nkumuchotsa, ndiye onani, oyamba kugwetsa boma ndi mfuti anali a mbali ya Spain. Mu 1809 Chuquisaca, La Paz ndi Quito anayesa nkuponderezedwa. Itafika nkhani yoti Afalansa alanda Seville kumayambiriro a 1810, zinangoti gumu: Caracas 19 April, Buenos Aires 25 May, Bogotá 20 July, Santiago 18 September.

Ya ku Bogotá imaseketsa. Linali Lachisanu tsiku la msika, ma criollo anapangana dala kukabwereka mphika wa maluwa kusitolo ya mzungu wa ku Spain José González Llorente, ati akongoletsere tebulo la mlendo, akudziwa kuti payambika mkangano. Zinaterodi, ndewu inabuka, anyamata nkuthamangira pamsika kukafuula kuti chapetón watukwana obadwira kuno, pofika usiku junta inali itakhazikitsidwa. Mpaka lero ku Colombia kanthu kakang'ono koyambitsa mkangano waukulu amakatcha mphika wa Llorente.

Zoti ankalamulira m'dzina la Ferdinand, linali bodza eti?

Kwa ena inde, chinali chophimba kumaso. Koma ine sindikhulupirira kuti onse ankanama. Junta ya ku Caracas dzina lake lenileni linali loteteza maufulu a Ferdinand VII, ndipo panadutsa chaka ndi miyezi kuti Venezuela alengeze kudzilamulira pa 5 July 1811. Argentina anadikira mpaka 9 July 1816 ku Tucumán. Ambiri ankangofuna kuyendetsa zinthu za kwawo pansi pa mfumu yomweyo. Komanso musaiwale kuti asilikali ambiri a mbali ya mfumu anali obadwira ku America, nkhondoyi kwakukulu inali yapachiweniweni. Ku Venezuela okwera mahatchi a m'zidikha, anthu osauka ambiri akuda ndi osakanikirana, anatsatira José Tomás Boves kumenyera mfumu mu 1813 ndi 1814, chifukwa kwa iwo mdani anali mwini munda wa ku Caracas osati mfumu yakutali imene sanaionepo. Bolívar anachita kuthawa, ndipo amene anamupatsa mfuti ndi sitima mu 1816 anali pulezidenti Alexandre Pétion wa Haiti, pomupempha kuti akamasule akapolo.

Bwanji ya ku Mexico imaoneka yosiyana?

Chifukwa kumeneko osauka analowamo tsiku loyamba lomwe. Chiwembu chinali cha ma criollo a ku Querétaro, chinaululika, Josefa Ortiz de Domínguez anatumiza uthenga wochenjeza, ndiye m'mawa wa pa 16 September 1810 wansembe Miguel Hidalgo wa ku Dolores anangoliza belu la tchalitchi nkuitana akhristu ake. Kunali kutachita chilala, chimanga chitakwera mtengo, migodi ikuchotsa anthu ntchito, ndipo paja chimanga chimene timadalirachi kwawo ndi ku Mexico konko, ndiye mukudziwa mmene mitima imakhalira chikasowa. Anthu anamutsatira masauzande makumimakumi atanyamula chithunzi cha Maria wa ku Guadalupe, zikwanje ndi malegeni. Ku Guanajuato azungu anadzitsekera m'nkhokwe yaikulu ya miyala yosungiramo chimanga, gulu linathyola chitseko nkupha amene anali mkatimo. Kuchokera tsiku limenelo ma criollo ambiri anathawira mbali ya boma. Hidalgo analengeza kutha kwa ukapolo ndi msonkho wa pamutu, anagwidwa nkuwomberedwa mu July 1811, mutu wake anaupachika pangodya ya nkhokwe yomwe ija zaka khumi. Wansembe mnzake José María Morelos anapitiriza mpaka kuphedwa mu 1815. Ufulu wa Mexico unadzabwera mu 1821 kudzera mwa Agustín de Iturbide, msilikali amene anakhala zaka akusaka zigawenga zomwezo.

Spain sakanatha kuwanyengerera?

Mpata unalipo. Nyumba ya malamulo inakumana ku Cádiz kuyambira 1810, nthumwi za ku America zinalipo, ndipo malamulo a 1812 anati eni nthaka nawonso ndi nzika. Koma anthu amagazi a ku Africa anawasiya kunja, zimene zinachepetsanso mipando ya America m'nyumbamo. Ferdinand atabwerera mu 1814 anang'amba zonsezo, nkutumiza Pablo Morillo ndi asilikali oposa 10,000, amene anapha ophunzira ambiri a ku Bogotá mu 1816. Amene anali pakatikati anasankha mbali pamenepo. Gulu lina lalikulu la asilikali limene linkayenera kunyamuka kupita ku America mu 1820 linawukira lisanakwere sitima motsogozedwa ndi Rafael del Riego, ndipo nkhondo yaikulu yomaliza anapambana Antonio José de Sucre wa mbali ya Bolívar ku Ayacucho ku Peru pa 9 December 1824.

Nanga Cuba anatsaliranji mpaka 1898?

Shuga ndi mantha. Haiti atagwa pa malonda a shuga, eni minda a ku Cuba analanda msikawo, nkuitanitsa akapolo ochuluka zedi, ena ochokera kumadoko a Mozambique. Munthu wokhala pakati pa akapolo ambiri chonchi safuna kuti asilikali a mfumu achoke. Nkhondo yoyamba inadzayamba mu 1868 pamene Carlos Manuel de Céspedes anamasula akapolo ake, ukapolo unatha 1886, José Martí anayambitsanso nkhondo mu 1895, kenako United States analowerera mu 1898, Spain nkuchoka. Ku Philippines mkangano unayambira kwambiri pa ansembe, a komweko kulandidwa maparishi ndi ochokera ku Spain, ansembe atatu a komweko anaphedwa mu 1872, wolemba mabuku José Rizal anawomberedwa mu 1896. Kuno ku Africa, Equatorial Guinea anachoka m'manja mwa Spain mu 1968.

Osauka anapindulapo chiyani?

Ena anakwera kudzera m'usilikali, Vicente Guerrero munthu wamagazi osakanikirana anakhala pulezidenti wa Mexico mu 1829 ndipo chaka chomwecho anathetsa ukapolo, patangopita zaka ziwiri anamuwombera. Mita ya ku Potosí inathetsedwa. Koma ukapolo ku Venezuela, kwawo kwa Bolívar, unakhalapobe mpaka 1854. Ku Peru San Martín analengeza mu 1821 kuti msonkho wa pamutu wa eni nthaka watha, boma latsopano litaona kuti m'thumba mulibe kanthu linaubwezeretsa mu 1826 ndi dzina lina, anthu a m'mapiri a Cusco anapitiriza kuulipira mpaka 1854.